Madzi Anabwera Lachitatu

Ndiyambe ndaulula ndekha uchitsiru wanga, ena asanandiululire. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti madzi a m'mipope ya kwathu ku Nancholi amadziwa kalendala. Ndinkati akachoka Lolemba, sangabwere Lachisanu lisanafike. Ndinali nditawaonerera nthawi yaitali, monga mmene umaonerera munthu woyandikana naye nyumba, mpaka pa bawo ndinkauza anzanga kuti, "Madzi awa ndimawadziwa ine, tinakulira limodzi." Sukulu ndinalekera Sitandade sikisi, koma pa nkhani imeneyi mayi a kunyumba anandipatsa digiri. Ankanditcha apulofesa a madzi, ndipo ine ndinkayesa ulemu.

Ndili ndi kalavani. Musaseke. Ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, kamene kapitawo wathu ankagonamo masiku amene ndinkayendetsa lole pa kampani ina yokonza misewu. Titapuma pa ntchito, mnzanga wina anapatsidwa njinga, wina wotchi ya pakhoma. Ine ndinapempha kalavaniyo, poti inali itangokhala kuseri kwa yadi, makoswe akuchitiramo misonkhano. Tinaikoka mpaka kumunsi kwa poloti yathu, pafupi ndi geti, pamene pali mita ya madzi. Matayala anaphwa kalekale, inakhala pa njerwa, ndipo sinapitenso kulikonse. Koma ndikakhala m'menemo masana, wailesi ikuulutsa mpira, ndimamva ngati ndili pa ulendo wautali umene palibe wondituma kukagula mchere.

M'katimo muli bedi, katebulo kopinda, ndi kachimbudzi koti ukakhala mawondo amagogoda chitseko. Chimbudzi chake si chokoka chingwe kapena kudina pamwamba ayi. Umaponda kachitsulo pansi ngati kilatchi, madzi n'kutuluka. Ndinachilumikiza ndekha. Paipi yotaya zoipa ndinaipititsa ku dzenje la nyumba yaikulu, ya madzi abwino ndinaitenga pafupi ndi mita pomwepo. Pulambala wina wodutsa anandiuza nthawi imeneyo kuti ndiikepo potsekera. Ndinamuyankha kuti chitseko amaika pamene pali akuba.

Chopondera chija chinakalamba ngati mwini wake, n'kuyamba kuiwala kutseka. Madzi akabwera ankangoyenderera m'chimbudzimo mpaka kusefukira pansi. Ndiye kuti uwaletse unkayenera kutseka pa mita, kutanthauza nyumba yonse: khitchini, bafa, mpope wa panja. Tsono kutseka madzi tsiku limene abwera, mayi atandandalika ndowa ndi zigubu pa mzere, ndi mlandu umene ngakhale ankhoswe amauthawa.

Mayi a kunyumba anali ndi diso pa kalavaniyo chifikireni. Pamene ine ndinkaona ulendo, iwo ankaona khola. Ankati mawindo ake ndi abwino, mphepo imalowa mokwanira, nkhuku zoyera zogulitsa zija zingakuliremo ngati ana a bwana. Chimbudzi chitasefukira kachitatu, anaima pa chitseko manja ali m'chiuno.

"Abambo, tamverani. Pansi pa chigalimoto chanu chopanda injinichi pakadzanyowanso kamodzi kokha, mawa lake ndikuthiramo utuchi ndi anapiye. Sindibwerezanso."

"Amayi, munthu wamkulu amafunika pobisala."

"Mukabisale ku tchalitchi. Mabenchi akutsogolo sakhala anthu."

Ndinaona kuti pano pavuta. Ndiye ndinaganiza zoika valavu, kotsekera madzi kakang'ono, kuseri kwa chimbudzicho, kuti ndikamatuluka ndizitseka pomwepo, nyumba yaikulu osaikhudza.

Madzi anachoka Lolemba monga mwa lamulo langa. Lachitatu m'mawa ndinatenga sowo. Tsiku lomwelo madzulo abusa anali kubwera kwathu ku mapemphero a m'dera, ndipo mayi anali akudandaula chidzukireni kuti migolo yauma, chifukwa ngakhale sabata yathayo madzi anabwera ofooka, osakwera bwino kunyumba. Ataona sowo m'manja mwanga anaima.

"Mukudula paipi? Nanga madzi akabwera inu muli ku Limbe?"

"Lachitatu? Amayi, madzi amenewa ndinakula nawo."

Ndinagona chammbali pakati pa chimbudzi ndi khoma, malo oti mphaka yekha ndiye angatembenukepo, n'kudula paipi. Inangotulutsa kampweya ngati munthu wousa moyo. Ndinadulako kachidutswa kotalika ngati chala, kaja timati sampulo, chifukwa ku Limbe chitsulo sugula ndi pakamwa. Ukafotokoza ndi manja amakupatsa chimene chili pafupi ndi dzanja lawo. Paipi ndinaisiya kukamwa kuli yasa, ndinavala buluku loyendera, ulendo.

Minibasi ziwiri, ya ku tauni kenako ya ku Limbe. M'mashopu atatu a zitsulo anakatembenuza kasampulo kanga ngati dzino la nyama yosadziwika. Paipi ya m'kalavani ndi ya kunja, yowonda kuposa za m'nyumba zathuzi. Potsiriza wina anandilozera kwa mkulu wina amene amayala zitsulo zakale za mipope pa saka kuseri kwa msika, chakufupi ndi njanji. Makolo ake anachokera ku Mozambiki, ndipo Chinyanja chake chimanunkhira Chisena. Anakayang'ana kachidutswako, n'kundiyang'ana ine.

"Madala, iyi mwaizula m'ndege?"

"M'sitima ya pamadzi, achimwene. Eni ake akusambira panopa."

Anaseka, n'kukhuthula chitini cha zitsulo pa sakapo. Anatolamo valavu ya mkuwa ya kachigwiriro kofiira, timilomo tiwiri tolowa m'paipi yowonda, makilampu awiri omangira, ndi tepi yoyera ija yokulunga pamene zitsulo zimapotana kuti pasadonthe.

"Onani kuno. Chigwiriro chikagona motsata paipi, madzi akuyenda. Chikapingasa, aima. Ngati wapolisi wa pamsewu. Ndipo pa mita mwatseka, eti?"

"Kwathu madzi kulibe mpaka Lachisanu."

Anasiya kukulunga zinthu zija m'nyuzipepala.

"Madala, madzi alibe Lachisanu. Ali ngati mlendo wa kumudzi, salemba kalata."

Ndinamumvera chisoni munthu wosaphunzira za madzi a ku Nancholi, n'kutsanzika.

Ku depoti ndinalowa minibasi ya ku tauni, itatsala mipando inayi. Tili chidikirire, foni ya mayi wina amene anakhala pafupi nane inalira. Anamvetsera pang'ono, kenako anakuwa, "Abwera? Tsegulani mipope yonse! Muyambe ndi mgolo wa buluu!"

Ndinafunsa mwaulemu wonse. "Pepani mayi, kunyumba ndi kuti?"

"Ku Nancholi."

Nthawi yomweyo foni yanga nayo inalira m'thumba. Anali mayi a kunyumba, ndipo mawu awo anali ofatsa moopsa.

"Apulofesa, Lachisanu lafika."

Anadula.

Amene anakwerapo minibasi akudziwa kuti sinyamuka isanadzaze, ngakhale utawauza kuti mkazi wako akuchira mumsewu. Ndinadikira mphindi ziwiri, ndikuona m'maganizo mwanga madzi akukwera pa bedi. Kenako ndinatsika, n'kuyamba kuitanira ndekha.

"Tauni! Tauni! Anayi okha, yonyamukanyamuka iyi!"

Kondakitala anandithamangira. "Madala, mukutilanda ntchito?"

"Khalani chete mphwanga, nyumba yanga ikumira."

Ndinalanda mayi wina thumba la mbatata n'kulilowetsa mwini wake asanasankhe minibasi, ndipo sanachitire mwina koma kulitsatira. Bambo wina wa tayi ndinamuuza kuti minibasi inayo ilibe mabuleki. Mulungu andikhululukire, mwina inali nawo. Inadzaza mofulumira moti dalaivala anandifunsa ngati mawa ndibwerenso.

Nditafika kwathu ndinapeza matope kuyambira pa geti. Matiresi a m'kalavani anali atayanikidwa pa mpanda, akudontha ngati chinkhupule. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhuku zapambana. Koma panali china chosamveka. Mzere wa ndowa ndi zigubu sunali pa mpope wa panja. Unali pa windo la kalavani yanga. Paipi yothirira masamba kudimba inali itatulukira pa windopo, ikulavula madzi amphamvu mu mgolo, mayi ataigwira ndi manja awiri, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwawo kunali azimayi atatu a nyumba zoyandikana nafe, aliyense ndi ndowa yake.

Chimene chinachitika n'chakuti madzi anabweranso ofooka. Nyumba yathu ili pamtunda, ndiye mpope wa kukhitchini unangotsokomola osatulutsa kanthu. Kalavani ili kumunsi pafupi ndi mita, ndipo paipi ndinadula ija inali khomo lotsegula. Mayi atapeza madzi akutsika pa masitepe a kalavani sanathamangire kukatseka pa mita. Analowa, anaveka paipi ya kudimba pa paipi yangayo, anamanga ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kuiponyera pa windo.

"Amayi, tsekani pa mita ndiike valavu," ndinatero ndi mawu a munthu wopalamula.

"Nditseke? Masiku atatu ndikusamba ndi kapu, abusa ali m'njira, ndiye nditseke? Gwirani paipi apa."

Ndinagwira. Mmodzi wa azimayi aja, wa nyumba ya kumtunda kwathu, anasuzumira pa windo pamene ndowa yake inkadzaza.

"Koma madziwa akuchokera pati m'katimu?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi anandiponda chala.

"Pa sinki."

Sinki ya m'kalavanimo anaizula anthu ena ine ndisanaitenge. Madziwo anali abwinobwino, a m'paipi, pa chimbudzi anali asanafike n'komwe. Koma mawu akuti chimbudzi akalowa m'khutu satuluka ndi sopo. Ndinangogwedeza mutu kuti inde, pa sinki.

Migolo itadzaza, azimayi aja atapita, mayi anandiitana.

"Ndaika ketulo pa mbaula. Ndikutseka pa mita mpaka iwire. Ikangowira ndikutsegula, kaya mwamaliza kaya ayi."

Ndinagonanso chammbali kuseri kwa chimbudzi, ulendo uno m'madzi, ndi buluku loyendera lomwelo. Ndinamasula mphira ya mayi, ndinasalaza milomo ya paipi ndi mpeni, ndinakulunga tepi, n'kumanga timilomo tija pa valavu. Koma paipi yokalamba inauma gwa, inakana kuvala. Ndinakankha mpaka m'maso munayera. Kenako ndinakumbukira kuti paipi yotere imafewa ndi madzi otentha.

"Amayi! Ndigawireniko kapu imodzi ya m'ketulomo!"

Anabwera nayo akumwetulira. Nditaviika paipi m'kapumo m'pamene ndinazindikira chimene ankamwetulira: madzi ochepa m'ketulo amawira msanga. Nthawi ndinadzifupikitsira ndekha.

Mbali imodzi inalowa. Ndinamanga kilampu. Mbali inayo inalowanso bwinobwino, kenako ndinaona kilampu yachiwiri ili pansi ikundiyang'ana. Kuzulanso, kuveka kilampu, kukankhanso. Kunja chivundikiro cha ketulo chinali chitayamba kuvina. Ndinapotokola sikuluu yomaliza chala chikutuluka magazi.

"Yawira!"

Ndinapingasa chigwiriro chofiira. Ndinamva mayi akutsegula pa mita. Paipi inanjenjemera, inatsokomola kawiri, n'kukhala chete. Ndinapisa chala pansi pa valavu: pouma. Ndinagoneka chigwiriro, madzi n'kuthamangira m'chimbudzi. Ndinapingasa, zii. Ndinachita zimenezi kasanu, munthu wa imvi, nditagona m'madzi ndikuseka ndekha. Koma nditadzuka ndinaona pansi ponse pali nyowe, ndipo mawu a mayi aja sananene kuti pakanyowa ndi valavu kapena popanda valavu.

Abusa anafika dzuwa litapendeka, pamodzi ndi anthu a m'dera. Tinaimba, tinapemphera. Ena ankapempherera odwala, ine ndinkapempherera kalavani. Itakwana nthawi ya tiyi abusa anamwa kapu yoyamba, anapempha yachiwiri, n'kutsamira pa mpando.

"Mayi, tiyi wa pakhomo pano amakoma mosiyana. Madzi ake mumatunga kuti masiku ovuta ano?"

Ndinatsamwa mpaka mkulu wa mpingo anandimenya pamsana. Mayi anandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili kwa abusa.

"N'chisomo chabe, abusa."

"Amen," anatero abusa, n'kutenga chitumbuwa china.

Usiku umenewo tinalowa kuchipinda kukagona. Ndinadikira chigamulo mpaka ndinatopa, ndiye ndinati bola ndidzipereke ndekha.

"Amayi, anapiye mukufuna angati?"

Mayi anatembenuka, n'kukoka bulangeti lonse kumbali kwawo monga amachitira akapambana.

"Nkhuku zidikire. Chigalimoto chanucho chikhale, chifukwa ndi pokhapo pamene madzi amafika osatopa. Mawa mubwerere kwa mnzanu wa ku Limbeyo, mukatenge valavu ina, munditulutsire mpope panja pa windo paja. Koma tamverani bwino, apulofesa. Tsiku limene mudzauze munthu kumene tiyi wa abusa anachokera, anapiye ndidzawagulabe, ndipo make wowafungatira m'menemo mudzakhala inuyo."