Chilimwe Chimene Anandipopa Makutu

Pampu ija inali yakuda, yopindika pang'ono pakati, ndipo kukamwa kwake anamangirirako kapaipi kofiira ndi ulusi wa ukonde. Inali pampu ya njinga basi, yonga ya aliyense wodzapikula matemba padoko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Koma mwini wake ankaikulunga m'nsalu yoyera, ndipo chifukwa cha nsaluyo anthu ankaipatsa ulemu ngati chida cha kuchipatala.

Chinali chilimwe chimene chikuku chinalowa m'mudzi mwathu. Ine ndinapulumuka, koma makutu onse awiri anatsala akutuluka mafinya. Mkeka wanga unkanunkha. Ntchentche zinkasiya nsomba zoyanika n'kumanditsata ine. Amayi ankandipukuta ndi nthenga ya nkhuku m'mawa uliwonse, n'kudonthezamo mafuta a nsatsi ofunda, ndipo pang'onopang'ono munkauma. Mawu ankandifika ngati ndamira m'madzi, koma ankafika.

Vuto linali kusukulu ya mishoni. Aphunzitsi ankakonda kulankhula atayang'ana kubolodi, ine n'kumangoona msana wawo wonyowa ndi thukuta. Akafunsa funso ine osayankha, ndodo. Atatopa kundimenya anaitanitsa amalume. Mawu awo ndikuwakumbukira chifukwa anawanena mokuwa: "Ngati ndi mwano, tiuchotsa. Ngati ndi ugonthi, ana ofuna benchi limeneli alipo ambiri. Mayeso akubwera."

Amalume anali mpalasabwato, ndipo sankafuna kuti mwana wa mlongo wawo adzafere pankhafi ngati iwo. Sindiwada pa chimenecho. Ndimawada chifukwa cha phuma. Anamva kuti padoko pafika bambo wina wochokera ku Joni amene anagwirako ntchito m'chipatala cha kumigodi, ndipo anthu anali atamupatsa kale dzina loti dokotala wa makutu. Palibe anafunsa kuti m'chipatalamo ankagwira ntchito yanji. Ndinadzamva nditakula kuti ankakolopa pansi ndi kutaya ndowa. Ankasuzumira madokotala akuuzira odwala mpweya ndi kampira kofewa, iye n'kuganiza kuti nkhani yonse ndi mpweya.

Amayi anakana. "Achimwene, mukuumatu m'makutumu. Tidikireko." Amalume anangoti mayeso sadikira nthenga ya nkhuku. Kwathu mwana ndi wa amalume ake, choncho nkhani inathera pomwepo.

Anandikhazika pa bwato logadabuzika, dzuwa likuswa mtengo, fungo la matope ndi mamba lili tho. Anthu anasiya malonda kudzaonerera. Bamboyo anandimwetsa madzi kuti ndivumate, analowetsa kapaipi m'khutu la kumanja, amalume atandigwira mutu. "Meza, mwanawe!" Ndikumeza, iye anakankha pampu ndi mphamvu zopopera tayala.

China chake chinang'ambika mkati. Nyanja inapendekeka, mabwato anakwera kumwamba, ndinasanza pamapazi pa amalume. Magazi osakanikirana ndi mafinya anatsikira m'khosi. Bamboyo anawaonetsa anthu pachala: "Mwaona? Zoipa zija ndi izi." Amayi ena anaombera m'manja. Kenako bamboyo anatembenuza mutu wanga kuti apope la kumanzere, poti amalume anati asasiye ntchito pakati.

Masiku otsatira ndinagona thupi likutentha, denga likuzungulira. Chizungulire chitachepa, amalume anandikweza panjinga kupita kuchipatala kutauni. Bambo wothandiza adokotala anandiunika, kenako anatembenukira kwa amalume. Sindinamve kanthu. Ndinangoona mitsempha ya m'khosi mwake itatupa, amalume atavula chipewa, akuyang'ana pansi. Zimene ananena anadzandiuza ndi amayi patapita zaka, atazimva kwa amalume: kuti mankhwala oumitsa mafinya alipo, koma zimene zaphedwa mkati sizidzuka. Kuti oyeza makutu ndi ophunzitsa ogontha kulankhula amaphunzira zaka zambiri kumaiko akutali, amalemba mayeso, ndipo sakhudza khutu la munthu asanapatsidwe chiphaso. Kuti kuno iye sankadziwako ngakhale mmodzi woti atitumizeko.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa mpaka lero. Njinga ya bambo wa pampu uja inali ndi kachitsulo kosonyeza kuti anailipirira msonkho. Ikanapanda kukhala nako, amesenjala akanamulanda tsiku lomwelo. Boma linkadziwa njinga iliyonse ya m'mbali mwa Chilwa. Koma munthu wolowetsa pampu m'mutu mwa mwana, palibe anamufunsa kuti anaphunzira kuti, kwa yani, anakhoza chiyani. Mvula isanagwe anawolokera ku chilumba cha Chisi, ndipo ndimadziwa kuti kumeneko kunalinso ana odwala chikuku.

Musandiuze kuti anthu a nthawi imeneyo sankadziwa. Amalume akafuna bwato, ankayamba afufuza kuti wosemayo anasemapo angati ndipo angati anamira. Pa makutu anga anakhutira ndi nsalu yoyera.

Kusukulu ndinabwererako sabata imodzi yokha. Aphunzitsi sanandimenyenso. Anandisamutsira kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo pa benchi langa panakhala mwana wina. Mayeso sindinalembe. Zilembo zimene ndikulembera izi ndi zomwe ndinatuluka nazo, zina ndinatola ndekha. Khutu la kumanzere limagwirako mawu munthu akakuwa pafupi. La kumanja ndi chokongoletsa mutu.

Koma pa nthawiyo sindinkadziwa kuti ndagontha. Mwana saganiza choncho. Ndinkaganiza kuti anthu ayamba kunong'ona kuti andibisire nkhani, ndipo ndinamenyana ndi anzanga ambiri chifukwa cha zimenezo. Choopsa kwambiri, ndinaona kuti amayi asiya kundiitana. Ndinati ndawakwiyitsa posiya sukulu. Ndiye ndinkadzuka m'mamawa kusesa pabwalo, kutunga madzi, kutola nkhuni, ntchito zimene anyamata anzanga ankandiseka nazo, kuti mwina andikhululukire, anditchulenso dzina. Sindinkadziwa kuti ankandiitana tsiku lililonse, ataima kumbuyo kwanga, mpaka mawu kuwasasa.