Zaka Zamoto za Mayi a Simbi

M'parishi muno tonse tinkangowadziwa kuti Mayi a Simbi. Dzinali linabwera ndi ntchito yawo: mkati mwa sabata ankasita zovala za anthu kumalo ochapira, ndipo Loweruka masana ankasita nsalu za paguwa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Tikulemba za moyo wawo chifukwa pali mayesero ena amene anawasenza mwakachetechete, ndipo iwo eni anatipempha kuti tisadzawabise.

Anabadwa oyamba m'banja la ana awiri. Bambo awo anamwalira iwo asanathe n'komwe msinkhu. Mlongo wawo wamng'ono anali ndi matenda a khunyu, ndipo nzeru zake zinatsalira paubwana ngakhale thupi linkakula. Sukulu anaisiyira panjira kuti azimuyang'anira mayi awo akapita kuntchito. Atakhala namwali, mnyamata wina wooneka bwino anawafunsira, koma anati mlamu wakeyo akam'siye kwa achibale.

"Ndikalowa m'nyumba mwanu tilowa awiri," anamuyankha motero. Mnyamatayo sanabwerenso, ndipo iwo sanam'tchulepo moipa.

Chiyeso choyamba chachikulu chinali matenda a mayi awo. Anayamba pang'onopang'ono: kuthira mchere mu tiyi, kusiya makiyi m'poto, kusochera pamsewu womwe anayendapo zaka zonse. Pomaliza sankamuzindikiranso mwana wawo. Ankamugwira dzanja n'kumufunsa kuti, "Mayi inu, mwandionerako mwana wanga? Sanabwere chichokereni m'mawa." Mayi a Simbi ankawasambitsa, kuwadyetsa, n'kuwayankha kuti, "Akubwera, amayi, ali panjira." Atawaika m'manda, anatsala ndi pemphero limodzi lomwe sankauza munthu: kuti Ambuye awasungire mutu wawo, chifukwa mlongo wawo analibenso wina.

Zaka zinapita mwamtendere mpaka atapitirira makumi anayi. Ndiye zinthu zinayamba kusokonekera. Kumwezi ankapita mosadziwika bwino, mwezi uno kambirimbiri, miyezi ina zii. Izi sanazilabadire. Chomwe chinawadabwitsa chinali moto. Unkayambira pachifuwa n'kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta kamukamu, mtima uli thi thi thi ngati athamanga. Poyamba ankati ndi nthunzi ya kuntchito. Koma unayamba kuwapeza ali m'basi, ali pamzere wa kumsika, ngakhale atagwada pa Misa ya m'mawa kukuzizira. Tulo tinathawa. Ankadzuka malaya ali nyowee, n'kupita kuntchito maso ali psuu.

Kenaka kunabwera kuiwala. Ankalowa m'chipinda n'kuima, osadziwa chomwe adzera. Kasitomala wa zaka zambiri ankamuyang'ana kumaso dzina lake osabwera. Tsiku lina akupemphera korona ndi mlongo wawo, mawu a pemphero lomwe analiphunzira ali kamwana anangothera pakamwa.

"Pitirizani, achemwali," anatero mlongo wawo.

"Yamba ndiwe," anayankha.

Loweruka lina akusita nsalu yaikulu ya paguwa, moto uja unawakwera. Anapita pazenera kuti apumeko mpweya, n'kuiwala simbi ili chigonere pansalu. Anadzidzimuka ndi fungo. Pakati pa nsalu yoyera ija panali chilemba chakuda chooneka ngati simbi yomwe. Anakhala pansi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Nsaluyo sinawawawe kwambiri ayi. Chomwe ankaona chinali nyumba yawo ikuyaka, mlongo wawo ali m'kati. "Zayamba," anadziuza. "Amayi anayambanso chonchi."

Mtima nawo unasintha. Munthu amene sanamvekepo akukweza mawu anayamba kupsa mtima ndi zazing'ono. M'mawa wina mlongo wawo anawafunsa kachitatu komwe kunali nsapato zake.

"Undisiye! Kodi ndilibe moyo wanga ine? Wandidyera moyo wonse iwe!"

Mlongo wawoyo, bambo wa imvi kale m'ndevu, anakabisala kubafa n'kumalira ngati mwana. Iwo anaima pakhomo la bafalo akupepesa, koma mawu anali atatuluka kale. Kuyambira Lamulungu lotsatira anasiya kulandira Ukaristia, akudziona ngati wosayenera. Anachoka pabenchi lawo lakutsogolo n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, kuti moto ukawakwera azituluka anthu osaona. Anthu sasowa chonena. Ena ankati pali chomwe achita, ena ankati akudwala matenda obisa. Iwo ankamva zonsezi n'kungoweramitsa mutu.

Bambo mfumu, wansembe wachinyamata amene ankatumikira pano nthawi imeneyo, anawamvetsera polapa n'kuwalangiza kuti apite kuchipatala. Sanapite. Ankaopa kuti adokotala akangotchula dzina la matenda a mayi awo, basi zatha. M'malo mwake anayamba kukonzekera mwakachetechete. Anamva za nyumba ina yomwe masisitere amasungiramo anthu olumala, ndipo tsiku lina anam'veka mlongo wawo malaya ake abwino n'kukwera naye basi.

Anawalandira sisitere wina wachikulire amene analinso namwino. Ofesi yake inali yaing'ono, ya zenera limodzi lotseka. Mlongo wawo anaona mabedi atandandalikana m'chipinda cha pafupi, ndipo anazindikira. Anagwira diresi la achemwali ake mwamphamvu.

"Achemwali, ndalakwa chiyani? Nsapato ndizisunga ndekha. Sindifunsanso."

Mayi a Simbi anafuna kuyankha, koma moto unawakwera pomwepo. Nkhope inanyowa, thukuta likutsikira m'khosi. Sisitere uja anaimirira, anatsegula zenera, n'kuwapatsa madzi. Anapempha wantchito wina kuti akamuonetse bamboyo nkhunda za kuseri. Atatsala awiri anafunsa:

"Mayi, n'chifukwa chiyani mukufuna kum'siya munthu amene mumam'konda chonchi?"

"Mutu wanga ukutha, asisitere. Mayi anga anafa osandidziwa. Ineyo ndayamba. Ndimaiwala, ndinawotcha nsalu ya paguwa, ndimakalipa ngati si ine. Ndikufuna ndim'peze pokhala ndisanamuiwale."

"Kutenthaku kwayamba liti?"

"Chaka chatha."

"Tulo mumagona?"

"Tulo take titi?"

"Nanga kumwezi mukupitabe bwinobwino?"

Mayi a Simbi anachita manyazi, anayang'ana pansi. "Zimenezo zinasokonekera kalekale. Koma zikukhudzana bwanji ndi mutu?"

Sisitere uja anavula magalasi n'kuseka pang'ono, kuseka kwachifundo. "Mwana wanga, ine zitandifika zimenezi, chovala cha kumutu ichi ndinkafuna kuchiponya pazenera pakati pa mapemphero. Ndinam'kalipira mkulu wathu chifukwa cha supuni. Si ine dokotala, ndipo kuchipatala mupite ndithu akakuyezeni, koma zomwe mukunenazi zikufanana kwambiri ndi za mayi amene akusiya kusamba. Thupi likamasintha, ena limawatentha, limawalanda tulo, limawaiwalitsa. Palibe anakuuzanipo?"

"Akanandiuza ndani? Amayi pofika nthawi yoti andiuze anali asakundidziwa."

Analira nthawi yaitali mu ofesi muja. Kenaka anakam'tenga mlongo wawo kunkhunda kuja n'kubwerera naye kunyumba.

Tisaname kuti zonse zinathera pomwepo. Kuchipatala anawayeza n'kuwatsimikizira kuti ndi kusintha kwa thupi, anawapatsanso mankhwala othandiza kwa kanthawi, komabe moto unapitirira zaka zingapo, ndipo mantha sanachoke msanga. Akaiwala kanthu mtima unkati phaa, "Nanga ngati adokotala analakwitsa?" Anaphunzira kukhala nazo. Anasiya zovala zokhuthala, ankayenda ndi botolo la madzi ndi kansalu konyowa koika pakhosi. Tiyi wa madzulo anam'leka. Anayamba kupita kuntchito wapansi, akupemphera m'njira, chifukwa anaona kuti akayenda amagonako. Anauza abwana awo zoona, ndipo anawasunthira tebulo pafupi ndi khomo. Akamaliza kusita kunyumba ankazula simbi pamagetsi n'kunena mokweza kuti, "Ndazimitsa!" Mlongo wawo ankayankha ali kuchipinda kwake, "Mwazimitsa, achemwali!" Nkhawa ikawagwira ali kale pamsewu, iye ndi amene ankawakumbutsa, ndipo ntchito imeneyi ankainyadira kwambiri. Anabwereranso ku Ukaristia. Ankati, "Ndinkadikira kuti ndikhale bwino kaye ndiye ndipite kwa Ambuye, ngati munthu wodikira kuchira kuti akaonane ndi dokotala."

Chomwe sitidzaiwala chinachitika pamsonkhano wa amayi a mpingo. Nkhani zitatha, wapampando anafunsa ngati pali china. Mayi a Simbi, amene sankalankhula pagulu, anaimirira.

"Amayi anzanga, ndinatsala pang'ono kum'taya mlongo wanga chifukwa cha chinthu chomwe ambiri muno mukuchidziwa, koma palibe amachinena."

Anafotokoza zonse, osasiyako. Mayi wina anadandaula kuti nkhani zotere si zokambira m'nyumba ya Mulungu. Koma mphunzitsi wina wopuma pantchito anaimirira n'kunena kuti, "Thupili analenga ndani? Ine ndinkaganiza kuti andilodza. Amuna anga anasamukira pabalaza, akuti akugona ndi mbaula." Amayi anaseka mpaka misozi, ndipo ena misozi yawo sinali ya kuseka.

Kuchokera tsiku limenelo, Loweruka masana kachipinda kositira kaja sikankasowa mlendo. Mayi ankabwera ngati akudzathandiza kupinda nsalu, kenaka n'kuyamba, "Mayi, ine masiku ano sindikudzimvetsa." Iwo ankamvetsera simbi ikuyenda. Sankadzitenga ngati dokotala. Wotaya magazi kwambiri kapena womva ululu ankamuperekeza okha kuchipatala. Amuna angapo anawaitanira pambali n'kuwalangiza kuti aleze mtima ndi akazi awo. Ankakonda kunena kuti, "Ululu wopanda dzina umaluma kawiri."

Mlongo wawo anamwalira ali m'manja mwawo, m'nyumba momwe anakhala moyo wake wonse. Iwo anakhala zaka zina zambiri, miyendo itafooka koma mutu uli gwa. Ankadziwa dzina la mwana aliyense wa m'kwaya ndiponso la agogo ake. Atalephera kuyenda, anawatenga mwana wawo wa ubatizo, mayi wogulitsa mankhwala m'famase, amene anali atayamba kumera imvi.

Tsiku lawo lomaliza, atalandira masakramenti, anagona chete masana onse. Mwana wa ubatizoyo anakhala pambali pa bedi akudzikupiza ndi chivundikiro cha bokosi, thukuta lili pamphumi. Ankaganiza kuti agona. Koma anatsegula diso limodzi n'kumuyang'ana.

"Iwe, zakuyamba liti?"

"Aaa, amayi, kwangotentha lero."

"Kwatentha kuti, ine ndafunda mabulangete awiri? Usandinamize ndili paulendo. Sukupenga, wamva? Ukagone ndi zenera lotsegula, ndipo umuuze mwamuna wako lero lomwe. Mwana wako wamkazi umuuzenso, asadzadzidzimuke."

"Ndamva, amayi."

"Tsegula tsono, tipume tonse."

Anatsegula zenera. Kamphepo kanalowa n'kugwedeza katani. Anayamba kupemphera limodzi, ndipo Mayi a Simbi ananena pemphero lonse mpaka kumapeto osaphonya liwu. Atati ameni anatseka maso, ndipo dzuwa lisanalowe anapita kwa Ambuye amene anawatumikira.

Pamaliro pawo amayi anadzaza tchalitchi mpaka panja. Ambiri a iwo ali ndi mabanja amene sanapasuke ndiponso mitima imene sinataye chikhulupiriro chifukwa mayi mmodzi wamanyazi anaimirira n'kulankhula. Mzimu wawo uuse mumtendere.