Buku la Anaphiri silinadyedwe ndi chiswe

Ndinanamizira chiswe, ndipo mpaka lero ndimadzikwiyira.

Anaphiri, aphunzitsi anzanga ku Kasakula, anandibwereka buku latsopano lolembedwa ndi mayi wina amene anakulira pa esiteti ya fodya. "Mukawerenge, mayi ameneyu saopa munthu," anatero.

Ndinali nditafika nalo pakati. Loweruka lina pochokera kudimba ndinapeza apongozi anga aamuna ali pakhonde, buku lili pamwendo. Anali atang'amba masamba onse akumapeto, akupichirira chingambwe.

"Pepala lake ndi lofewa bwino, mayi," anatero, utsi uli tolotolo.

Mtima unandiwira. Mayi uja anavutika kulemba kuti mawu ake akatulukire m'mphuno mwa munthu wosapempha n'komwe? Koma ine ndili pachitengwa, ndipo apongozi sabwezeredwa mawu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Zikomo bambo." Zikomo, ngati andipatsa nkhuku.

Lolemba ndinawauza Anaphiri kuti chiswe chinalowa m'katoni. Anandipepesa, kenako anandifunsa ngati ndinafika pamene mayiyo akuyankha bwana wake kumapeto.

"Anamuyankha mosaopa," ndinatero ine, amene ndinagwadira munthu akusuta yankholo.