Digiri yomwe ndinamatitsa pulasitiki

Mlongo wanga atamaliza ku yunivesite, zaka zija ndili ndi mwana mmodzi yekha kumbuyo, sanakagogode pa ofesi ya munthu. Makalata atatu anamupeza kumudzi, onse omuitanira ntchito. Anakhala pakhonde sabata yathunthu akusankha ngati akusankha nsalu. Aboma ataona kuti akuchedwa anatumiza galimoto, dalaivala n'kumafunsa njira kwa amayi pachitsime. Nyumba anamupatsa, yamagetsi. Pepala lake la digiri palibe amene analifunsa. Analikhoma pakhoma, basi.

Ine kusukulu sindinapondeko, koma zimenezo ndinaziona ndi maso angawa. Ndiye mdzukulu wanga, amene ndinamulera amake atamwalira, atabwera ndi digiri ya zomangamanga, ndinayamba kusesa pabwalo kudikira galimoto. Zaka zinayi. Anayenda ndi envulopu m'maofesi mpaka nsapato zinatseguka kukamwa. Kenako anapeza ulonda ku Dubai, n'kundisiyira pepala lija kuti ndimusungire.

Denga langa limadontha, ndiponso chiswe kwathu sichigona. Ndinapita nalo pa boma kwa bambo wina wa makina a fotokope, analimata pulasitiki mbali zonse n'kulitenthetsa. Linatuluka lowala, lolimba ngati mbale. Ndinabwerera ndikunyadira njira yonse.

Chaka chino mwana wanga wamkazi, namwino, anandiitana kuno ku Dubai kuti ndidzamuthandize khanda. Timakhala ku Al Twar. Ndisananyamuke mdzukulu uja anaimba foni kuti ndisaiwale pepala. Pamalo pamene amalondera, ku Jumeirah Village Circle, akumanga nyumba zosanja, ndipo bwana wake anamupeza akuonetsa amisiri pamene analakwitsa muyeso. Bwanayo anamuuza kuti akabweretsa digiri yodindidwa mwezi usanathe, amuchotsa pageti n'kumupatsa ntchito ya zomangamanga. Ndinalikulunga m'zitenje ziwiri. M'ndege monse linali pamiyendo panga.

Tsiku lake lopuma mdzukuluyo anadzanditenga, tinapita ku kaofesi kena kufupi ndi Hor Al Anz, kwa anthu amene amayendetsa mapepala kuti adindidwe kwathu ndi kuno komwe. Bambo wa pakauntala analitembenuza, n'kuligogoda ndi chikhadabo, n'kulankhula Chingerezi chachifupi. Ndinatembenukira kwa mwanayo. Ndinamukoka malaya.

"Akuti chidindo sichikhala papulasitiki, agogo."

Ndinati ndiye amatule, vuto lili pati. Anafunsa. Akuti pomatula zilembo zimatsatira pulasitiki, pepala n'kufa. Pafunika lina latsopano lochokera kusukulu komweko, kenako zidindo za ku Lilongwe, kenako za kuno. Miyezi. Bamboyo anati khalas, kutanthauza kuti zatha, n'kuitana amene anali kumbuyo kwathu.

M'sitima pobwerera ndinalongolola mpaka anthu kumatiyang'ana. Ndinamuuza za agogo ake aamuna, mlongo wanga uja, ndi makalata awo atatu, kuti munthu yemwe uja akamayankhula Chingerezi mabwana amaimirira, pepala osalifunsa. Lero mwana wakonza nyumba yawo iwo akuona, koma akufuna inki.

"Nthawi imeneyo a madigiri analipo angati, agogo?"

Anandiuza kuti m'chipinda mmene amagona, mabedi osanjikizana, wapamwamba pake anaphunzira uphunzitsi ndipo amatsuka mbale kuhotela. Wina anaphunzira zaulimi, amakolopa m'sitolo. Akuti akamaphika amaitanana kuti a pulofesa, patseni mchere.

Ndinkadikira kuti andikalipire. Ndikanamva bwino. Iye anangoti ndikanapanda kumata likanavunda ndi mvula, ndisadandaule, n'kundigulira madzi ozizira.

Mwezi unatha. Bwana uja sanamunamize, anadikira mpaka tsiku lomaliza, kenako analemba munthu wina wa dziko lina amene zidindo zake zinali zokwanira. Mdzukulu wanga ndi amene amamutsegulira geti m'mawa uliwonse.

Mwana wanga namwino uja walembera kusukulu kuja kawiri, akungoti tidikire, mafomu ali pamzere. Ine ndikubwerera kwathu khanda likayamba phala. Ndawauza kuti kuchokera pabwalo la ndege asanditengere kumudzi, andikweze basi yopita kusukuluko. Kuwerenga sinditha, koma kukhala pabenchi ndimatha. Adzandipeza pamenepo potsegula, adzandisiya pamenepo potseka, mpaka wina atope nane asindikize pepala la mwanayo.