Tsamba la manda a pa Mateyu

A Lenox Mtambalika amasoka nsapato pansi pa mtengo wa jakaranda, pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Mufakose, mu mzinda wa Harare. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa mapewa aakulu ndi khutu limodzi logontha. Makasitomala awo ambiri amawatchula kuti sekuru, agogo m'Chishona, ndipo sadziwa kuti manja amene akusoka sandasi zawowo anakumba manda kwa zaka makumi awiri.

Anabadwira pa famu ya fodya ku Banket m'Zimbabwe momwemo, imene anthu ankangoitchula kuti pa Mateyu. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, ndipo anafera pa famupo osabwererako kwawo. A Lenox anakula n'kukhala mkulu wa adzukulu pa famupo. Maliro akagwa, iwo ndiwo ankaloza pokumba, ndipo manda onse ankawadziwa ngati zala zawo, ngakhale amene mtanda wake unadyedwa ndi chiswe.

Mu 2002 famu italandidwa, anyamata ena anawamenya a Lenox n'kuwaponya m'damu. Munthu wodutsa anawapeza m'mabango kutsidya, ndipo anagona m'chipatala miyezi isanu. Pobwerera anapeza komboni ili phulusa lokhalokha. Akazi awo a Melina ndi mwana wawo Olinda kunalibe. Wina anati anapita ku Malawi, wina anati ku Tete, winanso atangowaona anathawa osayankha moni. Zimenezi sanazimvetse pa nthawiyo.

Chimene chinawatengera ku kompyuta mu 2008, chaka cha kolera ndi mashelefu opanda kanthu, ndi mbiri yoti manda a pa Mateyu alimidwa chimanga. Anagula kope n'kulemba akufa onse, mzere ndi mzere monga anagonera. Koma kope ndi kope, limanyowa ndipo makoswe a ku Mufakose sasankha. Ndiye anapita kwa mayi Martina, a ku Chipata, amene anali ndi makompyuta anayi ndi jenereta kuseri kwa saluni.

Mayi Martina anawafotokozera kuti chimene akufunacho amachitcha bulogu, tsamba la pa intaneti limene munthu amalembapo zake. Vuto linali kusankha koliika.

“Malo alipo atatu amene ndimawadziwa, bambo,” anatero mayiwo. “Oyamba ndi aulere, osavuta, koma ndinu mlendi. Mwini nyumba akafuna kugwetsa, wagwetsa. Achiwiri nawonso ndi aulere, okongola, koma mabatani ake angakuzunguzeni mutu. Achitatu ndi anuanu, dzina lanu pakhomo, koma tsiku limene mwasiya kulipira amafufuta.”

A Lenox anatembenuza khutu lakumva. “Ine ndikafa, atsale ndi ati?”

Mayi Martina, amene anazolowera atsikana ofuna kuika zithunzi za ukwati, anavomera kuti achitatuwo angafe pamodzi ndi iwo. Munthu wa manda uja anatenga sabata yathunthu akusinkhasinkha, ngati akusankha mkazi. Anabwera katatu kudzafunsa ngati eni malowo ali ndi ana, ndiponso ngati ku dziko lawo kumagwa nkhondo. Pamapeto pake anasankha oyamba aja, poti anati mlendi wosachita phokoso sathamangitsidwa msanga.

Linali Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo. Mayi Martina analemba dzina la tsambalo, manda a pa Mateyu, ndipo kompyuta inakana. Inati dzinalo wina analitenga kale.

Atatsegula anapeza tsamba lakuda, zilembo zoyera. Analilemba ndi mayi Iris, amene kale ankaphunzitsa pa sukulu ya pa famu ndipo tsopano ankasamalira nkhalamba ku Mangalande. Maina anali m'mizere monga m'kope muja. A Lenox anayamba kuwerenga, chala chili pa galasi, akugwedeza mutu mokondwa ndi kudandaula pamene aphunzitsi anasokoneza mizere. Anadutsa bambo awo, anadutsa ana awo awiri amene anafa ndi chikuku. Pansi penipeni, pamene kope lawo linathera, tsambalo linali ndi dzina lina limodzi. Linali lawo.

Panali ndi chithunzi chomwe. Mulu wa dothi lofiira pafupi ndi chulu, pamalo pamene iwo eni anasungira munthu wotsatira. Aphunzitsi analemba kuti mtembo sunapezeke, ndiye anthu anachita monga mwa mwambo. Anadula thunthu la nthochi, kuliveka shati ya a Lenox imene inayandama pa damu, n'kuliika m'manda ndi nyimbo zonse.

Chodabwitsa n'chakuti choyamba chimene a Lenox anaona ndi chakuti mandawo anakumbidwa mopendama, ndipo zinawanyansa. Pambuyo pake m'pamene anakumbuka munthu uja anathawa moni.

Mayi Martina anatsitsa tsambalo mwakachetechete. Pansi pa chithunzi panali mawu a owerenga, ndipo onse anali a munthu mmodzi. Olinda ankalemba ali ku Lilongwe, kamodzi pa chaka, mwezi umene bambo ake anamira. Ababa, mayeso aja ndinakhoza. Ababa, amayi akudwaladwala miyendo. Ababa, ndili ndi mwana wamwamuna, tamutcha dzina lanu.

A Lenox analira pamenepo, pamaso pa azimayi owotcha tsitsi, ndipo sanachite manyazi. Zaka zisanu ndi chimodzi anali kufunsa madalaivala a mabasi ku Mbare Musika, pamene mwana wawo ankawalankhula chaka ndi chaka m'kabokosi kuseri kwa saluni.

Mayi Martina anawachenjeza. Anati nkhani yotere imafuna munthu wopita ndi miyendo, wokakhala pansi ndi akuluakulu, poti munthu amene anaikidwa m'manda salowa m'nyumba ngati wochokera kumsika. Koma a Lenox analibe pasipoti, Zimbabwe ikuti ndi mlendo, Malawi sikuwadziwa. Keyala ya Olinda panalibe, ndipo aphunzitsi aja anali asanalembepo kanthu kwa chaka. Khomo linali lomweli basi. Kuti ayankhe, anayenera kulembetsa pa malo omwewo ndi dzina lawo, ndipo dzinalo linaoneka pansi pa chithunzi cha manda awo.

Analemba mwachidule. Anati ali moyo, ali ku Harare, amasoka nsapato. Pofuna kuti mwanayo akhulupirire, anawonjezera chinthu chimene ankachidziwa awiri okha: kuti tsiku lomaliza lija anamubisa m'nkhokwe ya fodya, n'kumuuza kuti awerenge mpaka chikwi asanatuluke. Apa ndi pamene analakwitsa, ngakhale kuti n'kovuta kuwaimba mlandu. Iwo amene anakhala ndi akufa moyo wawo wonse anayenera kudziwa kuti zobisika zotere ndi zimene mizimu imabwera nazo.

Anadikira masiku khumi ndi limodzi. Dizilo wa jenereta anasowa, kenako anapezeka. Yankho linalipo, ndipo mayi Martina anakana kuliwerenga mokweza, anangowasunthira mpando.

Ababa, za m'nkhokwe sindinauzepo munthu, ndiye ndadziwa kuti ndinudi. Chilembereni inu, mwana sakugona ndipo amayi sakudya. Tinakuikani bwino, ndi shati yanu, pamalo pamene munasankha nokha. Ngati ndi chimanga alima chija chakukwiyitsani, si ife. Ndalakwa ine pokuitanani chaka chilichonse, sindidzachitanso. Chonde gonani, musatitsate kuno.

Pansi pake kabokosi kolembamo kanali katachotsedwa. Aphunzitsi anali atatseka ndemanga.

Mayi Martina anayamba kulankhula mofulumira, za kutsegula tsamba lina ku malo achiwiri aja, za kujambula chithunzi atanyamula nyuzipepala ya tsikulo, za dalaivala wina wodalirika wopita ku Lilongwe. A Lenox anali atatembenuzira khutu logontha kwa iwo. Anawerenganso uthengawo kawiri, milomo ikuyenda.

“Mwanayu amayi ake anamulera bwino,” anatero potsiriza, mawu ali pansipansi. “Akufa timawalankhula chonchi.”