Tsiku limene ndinagwadira sikwiji

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow ndinaipezera pakhomo la tchalitchi. Mayi Nyirenda a m'kwaya anandiuza kuti kumene amagwira mwana wawo Tadala, kodinda nsalu ku Partick, akufuna wotsuka zipangizo. Ndinapita nditamanga taye. Anandipatsa magambuti.

Kudinda kwake n'kwa manja. Nsalu imayalidwa patebulo lalitali, pamwamba n'kuikapo sikirini, felemu ya sefa yosalala yokhala ndi chithunzi. Utoto umathiridwa m'mphepete, kenako umakokedwa ndi sikwiji, thabwa lokhala ndi mphira kunsi. Sikirini ikakhala yotambalala pamafunika anthu awiri: wina amakankha mpaka pakati, wa kutsidya n'kulandira sikwiji ikuyendabe. Ikangoima, pansalu pamatsala mzere. Ine yanga inali payipi ya madzi.

Kenako kunabwera Mayi Doreen, mmisiri wachiaborijini, mtundu wa eni nthaka, wa kumpoto kwa Australia, kudzadinda nsalu za chionetsero. Anajambula zakudya zakutchire za kwawo: zilazi, tizipatso tonga nthudza, ndi timatumba toluka totoleramo zimenezo, nkhosi iliyonse ikuoneka. Ndinakokolola mabuku a kwawoko kulaibulale, n'kumawerenga m'sitima mpaka kupitirira potsikira. Koma woima kutsidya kwa tebulo anali Tadala, wokulira ku Govanhill, mu Glasgow momwemo, amene ukamupatsa moni wa Chichewa amayankha Chizungu chomeza mawu. Ankawatchula "Anti", iwo n'kumaseka naye mpaka misozi. Ine kusinki, mutu uli wodzaza zilazi za eni, wondifunsa palibe. Chikho cha tiyi cha Tadala ndinkachitsuka pomaliza, mwadala.

Tsiku lina Tadala anabwera atamanga bandeji padzanja, atagwa panjinga. Ndinamupepesa ndi pakamwa pokha. A Moira, abwana athu, anandikodola.

"Nsalu yatsala ndi yokhayi. Mukaidinda bwino, kusinki mwatsazika."

Ndinaima moyang'anana ndi Mayi Doreen. Anathira utoto wonga dothi la katondo, n'kukankha. Sikwiji inafika pakati. Apa m'pamene kulera kwa kwathu kunadzuka. Munthu wa imvi akukupatsa chinthu, ungachitsomphole? Mawondo anapinda okha, dzanja lamanzere linathamangira kugwira mkono wamanja, pakamwa n'kutuluka "zikomo". Sikwiji inadikira ulemu wonsewo. Titanyamula sikirini, mzere wokhuthala wa utoto unali utadula timatumba tonse pakati.

"Mwaimiranji?" anafunsa Mayi Doreen.

Tadala anali atagwira m'mimba ndi phwete. "Ankolo, mwagwadira sikwiji?" Chichewa chokhacho chimene ndinamumva akulankhula chaka chonse, ndipo sanaphonye n'pang'ono pomwe. Kenako anawafotokozera mayiwo za mwambo wathu.

Iwo sanaseke. Anasisita mzerewo m'mbali ndi chala. "Kwathunso akulu timawalemekeza. Koma timatumba iti ankaluka ndi mayi anga. Mukafuna kundilemekeza, musatidule."

Chigawo chimenecho sichinalowe m'chionetsero, ndipo ine ndinabwerera kupayipi miyezi ina yambiri. Patsiku lotsegulira, wojambulitsa chithunzi ndi Mayi Doreen anali Tadala, bandeji ali mbee. Chithunzicho chilipobe pakhoma la kuntchito. Ndimachipukuta fumbi mbali imodzi, ya mayiwo.

Lero ndine ndimaphunzitsa atsopano patebulo, ndipo ndimawauza chimodzi: landira ikuyenda, koka mpaka kumapeto. Mawondo anga amapindabe, sindinawaletse. Ndinangowaphunzitsa kudikira sikirini inyamulidwe.