Maenje Ofiira a Bambo Ambrosi Januario

Bambo Ambrosi Januario anali mmisiri wolemba zikwangwani ku Ndirande. Kwawo kunali ku Nsanje, ndipo anafika mu Blantyre m'chaka cha 1971 ali ndi maburashi atatu ndi korona m'thumba la jekete. Amene anakhalako ku Ndirande zaka zimenezo anaona ntchito ya manja awo ngakhale eni akewo sanawadziwe: mitu yometedwa bwino pa khoma la ometa tsitsi, mabotolo pa zitseko za magolosale, ndiponso dzina la tiyirumu ya Mayi Mwanamisi pafupi ndi msika. Ine ndinayandikana nawo nyumba zaka khumi ndi zinayi, choncho zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso anga.

M'chaka cha 1986 anaitanidwa kukalemba chikwangwani pa hotela ina m'tauni. Kumeneko anaona makina a masewera: galasi lowala, ndipo m'kati mwake kamunthu kakuthamanga ndi kudumpha monga mmene wosewera akufunira. Anaima pamenepo kufikira mlonda anawapempha kuti asunthe. Pobwerera kunyumba anatsimikiza mtima kupanga makina awoawo, osalira magetsi.

Anakhoma bokosi la matabwa, kutsogolo kwake naikako galasi la windo. Akazi awo, Mayi Petronela, analumikiza matumba a fulawa makumi awiri kukhala nsalu imodzi yaitali, ndipo pa nsaluyo a Januario anajambula msewu wodutsa m'dziko limene analitcha Chigwa cha Mkuwa. Nsaluyo anaikulunga pa mahabu awiri a njinga. Kuseri kwa galasi kunaima kamunthu ka chitini. Wosewera ankaponya dayisi, nkupukusa chogwirira molingana ndi nambala imene yagwa, ndipo msewu unkayenda pansi pa mapazi a kamunthuko. M'njiramo munali mlatho wa mafupa, nkhalango ya mitengo yolankhula, ndi chimphona cha diso limodzi chogulitsa mchere. Munalinso maenje ofiira. Kamunthu kakaima pa dzenje lofiira, ulendo unkathera pomwepo, ndipo wosewera ankapereka mpata kwa mnzake.

Bokosilo linaikidwa pa tebulo la pakona m'tiyirumu ya Mayi Mwanamisi. Amuna akuluakulu ochokera ku mafakitale ankalizungulira mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Ofika kumapeto anali owerengeka. Kumapetoko kunali geti la mzinda, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti: “Mfumu ya Chigwa yakalamba ndipo ikudwala. Tenga chikho cha madzi a moyo ukaipatse. Ulendo upitirira m'bokosi lachiwiri.” Mawuwa anawalemba chifukwa nsalu inali itatha, ndipo sanaganize zambiri powalemba.

Kuyambira pamenepo anthu sanawapatse mpumulo. Wovutitsitsa anali a Hussain, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika, amene anafika pa getilo katatu.

“A Januario, mikono yatopa ndi chikho chanu chija,” ankafuula akawaona akudutsa ndi makwerero. “Tiime pageti mpaka liti? Kapena timwe tokha madziwo?”

“Pirirani, achimwene. Penti sauma ndi phokoso.”

Bokosi lachiwiri linawatengera zaka ziwiri, popeza ankaligwira Lamulungu lokha akachoka ku Misa. Ankayamba ajambula ndi khala pa mapepala a matumba a simenti, kenaka nkusamutsira pa nsalu. Chimene chinawatayitsa nthawi kwambiri ndi malo a maenje. Iwo ankakhulupirira kuti m'masewera abwino, mwa anthu khumi afike awiri okha. Motero ankakhala pakhonde ndi Mayi Petronela kuponya dayisi masana onse, kusuntha dzenje ili, kufufuta lija, kufikira atakhutira. Maenje anakwana makumi atatu ndi limodzi.

Anawonjezeranso chinthu chimene bokosi loyamba linalibe. Anaona kuti ngati kamunthu kanyamula madzi a mfumu, kugwa kwake sikungakhale kwa iko kokha. Choncho pa dzenje lililonse anasokererapo kamsomali kokola waya, kuti wosewera akaimapo, thabwa lopyapyala ligwe kuseri kwa galasi. Pa thabwalo anajambulapo maliro a mfumu: chithatha, amuna anayi onyamula, amayi atafunda kumutu, ndi mpando waukulu wopanda munthu, akalonga atauzungulira akuyang'anana. Chithunzi chimenechi anachigwira masabata atatu, ndipo ndikhoza kunena mosakayika kuti sanajambulepo china choposa icho.

Ndinachiona chisanapite kwa anthu. Ndinachiyamikira kwambiri, ndipo sindinaganize chimene ndinayenera kuganiza. Tonse atatu maso athu anali pa ntchito.

Loweruka lina masana, mu Ogasiti 1988, bokosi lachiwiri linalowa m'tiyirumu. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. A Hussain anakankha anzawo ndi zigongono nati iwo ndiwo adikira kwambiri. Anaponya kanayi bwinobwino, kamunthu nikadutsa msika wa mizimu ndi chitsime cha moto. Ataponya kachisanu panamveka kaphokoso ka waya, thabwa ndi kugwa.

Palibe anaseka. Aliyense ankadziwa kuti iyi ndi mfumu ya pansalu, ndipo palibe anasokonezeka pa chimenecho. Koma owerenga achinyamata ayenera kudziwa kuti masiku amenewo za ukalamba, imfa, kapena mpando wa munthu wolamula sizinkakambidwa pagulu, ngakhale zikhale za m'nthano. Kungopezeka pamalo pamene zaonetsedwa kunali kokwanira kuti munthu akafunsidwe mafunso, ndipo ena opita kukafunsidwa sankabwerako msanga. Bambo wina anaika kapu pansi tiyi ali theka, natuluka. Ena anatsatira mmodzimmodzi, osayang'anana. A Hussain anachotsa dzanja pa chogwirira nalipukuta pa buluku. Mayi Mwanamisi anavula chitenje cha pamwamba navundikira bokosilo.

“Bambo Januario,” anatero motsitsa mawu, “ine ndimangogulitsa tiyi ndi masikono.”

Mawa lake masana kunyumba kwa a Januario kunafika a Willard Malizani, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Sanali munthu waukali. Iwonso ankasewera bokosi loyamba, ndipo anafikapo pa geti kawiri. Anakana mpando, nakhala pa chitini cha penti, chipewa chili pa bondo. Ine ndinali pakhonde pomwepo.

“Achimwene, ine sindinaone kanthu, dzulo ndinali ku maliro ku Chilomoni,” anayamba motero. “Koma amene anaona alipo, ndipo Lachitatu ndili ndi miting'i.”

“Ndi nthano chabe, a tcheyamani.”

“Mukuuza ine? Inenso chikho chija ndili nacho. Koma akandifunsa kuti mpando wopanda munthu uja mwaujambuliranji, ndiyankhe kuti chiyani?”

“Ndikhoza kuichepetsa zaka mfumuyo. Ndiidetse tsitsi.”

“Bokosi loyamba linanena kale kuti yakalamba. Ndirande yense anawerenga.”

“Ndiye ndingolichotsa, lisaonekenso.”

“Mukatero adzati mwabisa chiyani. Ayi, libwerere pomwe lija, anthu alione. Koma mfumu isafe.”

“Nanga wosewera akagwa m'dzenje?”

A Malizani anatembenuza chipewa chawo kawiri. “Asagwe.”

A Januario anayesa kufotokoza kuti popanda kugwa palibe masewera, kuti anthu amaponya dayisi chifukwa choopa dzenje. A tcheyamani anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu movomereza, ndipo atatha anangobwereza mawu omwe aja. Ponyamuka anati iwonso ali ndi ana asanu, ndipo zinthu zikavuta dzina loyamba kulembedwa likhala lawo. Atapita, a Januario anandiyang'ana ngati ndingakhale ndi nzeru ina. Mayi Petronela, amene anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, anatuluka ndi chitini cha penti woyera nachiika pamapazi pa amuna awo.

Lolemba ndi Lachiwiri sanapite kuntchito. Anayala nsalu yonse pabwalo, natsindira m'mbali ndi miyala, nayamba kupaka maenje limodzilimodzi. Utoto wofiira unkaonekerabe pansi pa woyera, choncho dzenje lililonse analibwereza katatu. Timisomali anatizula ndi pulayala. Thabwa la maliro analiwaza ndi chikwanje, Mayi Petronela nasonkhezera pa mbaula. Lachitatu m'mawa a Malizani anadzayendera nsalu yonse kuchokera kumutu mpaka kumapeto, nathokoza kwambiri, napita ku msonkhano wawo. Palibe anatengedwa.

Loweruka lotsatira bokosi linabwerera pa tebulo lake. Kunabwera anthu asanu ndi mmodzi. A Hussain anaponya, napukusa, naponyanso, ndipo posakhalitsa kamunthu kanafika kunyumba ya mfumu, kumene kunajambulidwa mfumu itachira, ikuvina ndi anthu ake. Anakulunganso nsalu nayambira pachiyambi, nafikanso. Kachitatu anapukusa osaponya n'komwe.

“A Januario, dayisiyi ndi ya chiyani tsopano? Ngakhale mbuzi itapukusa ikafika.”

“A Hussain, imwani tiyi wanu akuzizira,” anatero Mayi Mwanamisi.

Bokosi loyamba nalonso anthu analeka kulikhudza, chifukwa cha mawu aja a pa geti. Patatha mwezi Mayi Mwanamisi ananena mwaulemu kuti tebulo la pakona likufunika kwa makasitomala. A Januario anabwereka wilibala nakankha mabokosi onse awiri kukwera mtunda wa kwathu, ine ndikugwirira m'mbali kuti galasi lisasweke.

Anapitiriza kulemba zikwangwani, ndipo ntchito yawo inali yaudongo monga kale. Koma kuyambira chaka chimenecho, munthu akawapatsa ntchito ankamupempha kuti alembe yekha mawu ake papepala ndi kusainira pansi, ndipo ankakopera zokhazo. Wina akati awonjezerepo kachithunzi ka m'mutu mwawo kuti khoma likongole, ankayankha kuti iwo ndi wolemba zilembo basi.